Kudyetsa banja ku Joni ndi R600 pa sabata: yambirani Lachinayi

Amene akulera ana ku Joni akulidziwa Lachinayi. Mafuta atsala ongotsukuluza m'botolo, anyezi anatha dzulo, mita ya magetsi ikuphethira, malipiro ndi a mawa madzulo. Mwana akafunsa kuti "Amayi, lero ndiwo n'chiyani?" umayamba kutsuka mbale zotsukatsuka kale kuti usamuyang'ane kumaso. Ine Lachinayi lotere ndinalawa chaka chathunthu titangofika ku Rosettenville, anthu asanu m'kachipinda kakuseri kwa nyumba ya eni ake: ine, bambo a ana ndi ana atatu.

Chichokereni nthawi imeneyo ndalama sizinachuluke kwenikweni. Malipiro otsikitsitsa amene boma la kuno linakhazikitsa mu Malichi 2025 anali R28.79 pa ola, ndipo ife a ntchito za m'nyumba tili momwemo. Maola 8, masiku atatu pa sabata, zimakwana R690 ndi timasenti. Za bambo a ana zimathera ku lendi, ku takisi ndi kumudzi. Ndiye pa R690 yangayo, R90 imapita ku magetsi ndi sopo, R600 n'kukhala ya pakamwa. Chimene chinasintha ndi mayendetsedwe ake, ndipo ndi amene ndikufuna kukuuzani, abale anga, monga mmene ndimachitira.

Choyamba, lembani ndiwo kuchokera kumapeto kwa sabata

Lachisanu madzulo, ndalama zili m'manja, musalowe m'sitolo. Munthu wotopa, wanjala, wongolandira kumene amagula ndi maso. Pitani kunyumba, tengani kope lakale la mwana, vundukulani zidebe muone chimene chatsala: ufa ukulekeza pati, mchere, shuga, masamba a tiyi. Kenako lembani masiku asanu ndi awiri, koma muyambe ndi Lachinayi n'kumabwerera m'mbuyo.

Loweruka silifuna kuliganizira, limadziphikira lokha chifukwa ndalama ilipo. Masiku amene amafuna nzeru ndi akumapetowa. Lachinayi ndi Lachitatu muwapatse ndiwo zosaonongeka: nyemba, soya, nsomba zam'chitini, mfutso, usipa. Lachiwiri ndi Lolemba muwapatse zolimbako monga kabichi, mazira ndi maungu. Zovunda msanga, monga masamba ofewa, ziwindi ndi zipalapasiro, zidyedwe Loweruka ndi Lamulungu.

Mukagula, ndiwo za Lachinayi muzimange m'jumbo yakeyake n'kuiika pamwamba pa wadilopu, pamodzi ndi anyezi mmodzi ndi mafuta pang'ono m'kabotolo. Kwathu ana amangoitchula kuti "ya Lachinayi", ndipo ngakhale bambo awo saiyandikira.

Chachiwiri, gawani ndalama isanazolowere chikwama

Ine ndimagwiritsa ntchito maenvelopu anayi. Yoyamba R230 ya ufa, mafuta, shuga, mchere, tiyi ndi buledi. Yachiwiri R200 ya ndiwo zomanga thupi. Yachitatu R110 ya masamba, matimati, anyezi ndi zipatso zikatchipa. Yachinayi R60 ndimaibisa, ndipo sindikuuzani komwe ndimabisa. Imeneyo ndi ya tsiku limene mwana wauzidwa kusukulu kuti abwere ndi chakutichakuti, kapena magetsi athima nkhuku n'kusungunuka. Ikapulumuka, imalowa ku ufa wa sabata yamawa.

Zanu zingasiyane ndi zanga malinga ndi kukula kwa banja ndi mitengo ya kwanuko. Chofunika n'chakuti envelopu isabwereke inzake. Ya ndiwo ikatha, yatha.

Chachitatu, thawani ufa wa wokumani

Kwathu ku Ndirande kapena ku Mtandire tinkaudziwa wokumani, kaufa kam'jumbo kophikira kamodzi. Kuno wokumani wangovala yunifomu: ndi kapaketi ka 1kg kapena 2.5kg ka pa spaza, kagolosale ka pakona. Kamaoneka kotchipa chifukwa ndalama yotuluka nthawi imodzi ndi yochepa, koma kamadya mwakachetechete. Tiyerekeze kuti ka 2.5kg kali pa R40, thumba la 10kg lili pa R120. Tipaketi tinayi ndi R160. Mwataya R40 pa ufa womwewo, ndalama yoti mukanagulira theka la kilogalamu ya nyemba ndi kabichi pamwamba.

Vuto ndi la sabata yoyamba, chifukwa thumba lalikulu limameza envelopu. Ife tinapirira sabata imodzi ya kabichi ndi soya basi kuti tigule thumba la 12.5kg. Kwathu limenelo limatha masiku pafupifupi 12, pakuti masana a mkati mwa sabata nsima siiphikidwa. Ndiye kuti sabata ina mumagula ufa, sabata ina mumapuma, ndipo pa sabata yopumayo m'pamene mumagula mafuta a malita awiri kapena shuga wa 2.5kg. Mukalowa m'kayendedwe kameneka, musatulukemo.

Musakakamire dzina. Iwisa, Ace, White Star, Super Sun, zonsezi ndi chimanga. Tengani umene watsika mtengo sabata imeneyo. Wolembedwa kuti Super ndi wosalala ngati ufa woyera, wa Special ndi wokhakhalako ndipo nthawi zambiri ndi wotsikirapo. Ine phala ndimakonda la Special, limagwira m'mimba. Chabwino china n'chakuti kuyambira 2003 lamulo la kuno limakakamiza makampani kuthira mavitamini, ayironi ndi zinki mu ufa wa chimanga ndi wa buledi. Choncho phala la m'mawa musalipeputse. Mukathira supuni ya chiponde kapena nsinjiro, mwana wadya chakudya chenicheni kuposa tiyi ndi buledi woyera.

Chachinayi, dziwani chogula kuti, ndipo muwerengere takisi

Ulendo wa kusitolo yaikulu ukhale umodzi pa sabata, Loweruka m'mawa mutadya kale, opanda ana, pepala lili m'manja. Tengani majumbo anu, chifukwa kuno jumbo amagulitsa. Ngati Shoprite, Usave, Boxer kapena Pick n Pay ili poyenda pansi, imeneyo ndiyo yanu. Sipesho ya kutali imene ikupulumutsa R15 pamene takisi ikudya R30 kupita ndi kubwera ndi masewera a ana. Khadi la Xtra Savings la ku Shoprite kapena la Smart Shopper la ku Pick n Pay ndi laulere, ndipo mitengo yambiri yotsitsidwa imagwira kwa okhawo amene ali nalo, khalani nalo.

Pa shelefu, werengani tizilembo ting'onoting'ono. Masitolo ambiri amalemba mtengo wa pa kilogalamu kapena pa 100g pansi pa mtengo waukulu. Ngati sanalembe, foni yanu ili ndi kakyuleta. Sikuti chachikulu chimatchipa nthawi zonse; ndinapezapo mapaketi awiri a 500g a nyemba akutchipa kuposa imodzi ya 1kg.

Pali chinthu china chimene ndinachidziwa mochedwa. Kuyambira 2018 msonkho wa VAT kuno ndi 15 peresenti, koma zakudya zina boma siliikapo msonkhowu: ufa wa chimanga, chimanga chokonola chija amati samp, mpunga, nyemba zouma, mphodza, buledi wa bulauni, mazira, mkaka, amasi, mafuta ophikira, masamba, zipatso, nsomba za pilchards zam'chitini, ndipo kuyambira 2019 fulawa. Buledi woyera, shuga, nkhuku, poloni, mabisiketi ndi zakumwa zoziziritsa kukhosi zili ndi msonkho. Mukaona mndandanda woyambawo, ndi chakudya cha kumudzi chokhachokha. Basiketi yanu ikatsamira kumeneko, ndalama imatalika. Za buledi, Shoprite yakhala kwa zaka zambiri ikugulitsa wa bulauni wa 600g wophika okha pa R5. Mukamupeza tengani awiri.

Ma combo a kumapeto kwa mwezi, aja amaphatikiza ufa, mpunga, shuga, fulawa ndi mafuta, amakhala abwino ngati zonse zili m'menemo mumadya. Ngati simuphika mandasi, fulawa ya 10kg idzangodyetsa anankafumbwe. Koma mukagwirizana mabanja awiri kapena atatu n'kugawana, apo ndiye pali phindu.

Masamba ndi matimati sindigula m'sitolo kawirikawiri. Amayi ogulitsa m'misewu, kufupi ndi marenki a takisi a Bree ndi Noord kapena pakona ya kwanu, amagulitsa pamulu ngati kwathu. Sankhani mmodzi akhale wanu. Mupatseni moni m'chilankhulo chake, "Sawubona, mama", muzigula kwa iye yekha. Pakatha mwezi basera amabwera yekha, ndipo madzulo matimati ofewa amakupatsani motchipa. Ambiri mwa amayiwa amapikula ku msika waukulu wa City Deep, wotchedwa Joburg Market, kumene katundu amagulitsidwa m'matumba ndi m'mabokosi m'mamawa. Banja limodzi silingamalize thumba la anyezi ndi bokosi la matimati, koma ife mabanja anayi a mumpingo timasonkha kamodzi pa mwezi, achimwene ena amene ali ndi galimoto amapita, n'kudzagawana pakhonde ndi sikelo yobwereka. Mutu umodzi susenza denga, ngakhale denga lake litakhala thumba la mbatatesi.

Chachisanu, ndiwo, pamene pagona nkhani

Nsima ku Joni siivuta. Chimene chimagwetsa bajeti ndi mtima wofuna nyama tsiku lililonse, chifukwa kuno nyama ili paliponse ndipo anthu a kuno amaidya ngati masamba. Munthu ukangofika umaganiza kuti kudya nyemba ndi kubwerera m'mbuyo. Ine ndinasiya manyazi amenewo.

Nyemba ndiye msanamira. Theka la kilogalamu ya sugar beans, zija zamawangamawanga, likapsa limakwana kawiri pa banja langa ngati pambali pali masamba. Ndimagula kilogalamu imodzi pa sabata. Mphodza zofiirira musazidutse: sizifuna kuviika, zimapsa m'theka la ola, ndipo mukathira kare pang'ono ana amanyambita mbale. Masitolo a amwenye ku Mayfair ndi ku Fordsburg amakhala nazo zamitundumitundu.

Soya wa kuno ndi wosinjasinja, wa Imana kapena Knorrox, wothiriratu zokometsera ndi mchere wambiri. Musathiremonso mchere. Payekha amatopetsa, koma mukamuphika ndi mbatatesi ziwiri zodula timagawo ndi kaloti, amasanduka msuzi wokwana onse.

Chitini chimodzi cha pilchards cha 400g, Lucky Star kapena china chilichonse, chimadyetsa anthu asanu mukachichitira ulemu. Kazingani anyezi wamkulu, thirani matimati awiri ndi kabichi wodula bwino wodzaza manja awiri, kenako nsombazo ndi msuzi wake wonse. Tsukuluzani chitinicho ndi madzi pang'ono muthire momwemo. Minga yake musachotse, ndi yofewa ndipo imalimbitsa mafupa a ana.

Mazira musawakazinge limodzilimodzi, thileyi imatha ngati mame. Wiritsani atatu kapena anayi, muwadule pakati, muwaike mu msuzi wa matimati. Kapena muswe atatu m'poto wa sipinachi n'kutakasa.

Tsopano nkhuku. Matumba a zidutswa zouma ndi ayezi amaoneka aakulu, koma lamulo la mu 2016 limalola kuti mpaka 15 peresenti ya kulemera kwake ikhale madzi amchere amene amabayiramo. Pa thumba la 2kg, mpaka 300g ingakhale madzi. N'chifukwa chake mwendo umafwapa m'poto ngati wakwiya. Ine ndimagula kubutchala zipalapasiro ndi mitu, zimene kuno amaziseka kuti walkie talkie, kapena makosi, nthutumba ndi ziwindi. Ziwindi kamodzi pa sabata zimathandiza magazi, makamaka kwa ana ndi ife amayi. Mafupa a ng'ombe a supu nawo ndi chuma: muwaphike pamodzi ndi nyemba kapena samp, fungo lokha limakhutitsa theka. Nthumbwana ndi matumbo, zimene kuno amati mala mogodu, n'zokoma koma zimadya magetsi. Muziphike tsiku limene muli ndi nthawi yogwiritsa ntchito njira ya bulangete ndinene kutsogoloku.

Amasi ndi chambiko chathu chomwe chija. Tsiku lotentha, mkute wonyenyanyenya mu amasi ndi chakudya chathunthu chosayatsa moto.

Nanga usipa? Mtima umafuna, ndikudziwa. Ku msika wa Yeoville nsomba zouma, nsinjiro ndi therere zimapezeka, ndiponso abale obwera pa basi ku Park Station amatinyamulira. Koma usipa wafika ku Joni wakwera basi masiku awiri, ndipo mtengo wake umasonyeza. Ndiye kwathu unasiya kukhala ndiwo ya payokha. Dzanja limodzi ndimalikazinga pouma, ndimalisinja, n'kumawaza m'masamba. Ka jumbo kamodzi kamatha mwezi, ndipo nyumba imanunkhirabe Salima.

Chachisanu ndi chimodzi, masamba

Kabichi ndiye mfumu ya osauka ku Joni. Mutu umodzi waukulu umadutsa masiku atatu, ndipo suola msanga ngakhale mulibe filiji, bola muzisenda masamba kuchokera kunja m'malo moudula pakati. Chimene chimatopetsa ndi kuuphika mofanana tsiku ndi tsiku. Lero wokazinga ndi kaloti, mawa wotendera. Nsinjiro zikasowa, supuni ziwiri za chiponde zosungunula m'madzi ofunda zimatendera bwinobwino sipinachi, repu ngakhale kabichi, ndipo mukatendera simuthiranso mafuta.

Tsatirani nyengo. M'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi malalanje ndi manachesi amatchipa, pamene matimati amatha kukwera. Pamenepo kachitini ka matimati ophwanyaphwanya kamagwira ntchito ya mulu wonse. Matimati akatchipa gulani ambiri, muwaphike ndi anyezi mpaka alimbe, muzitapa pang'onopang'ono. Masamba akachuluka futsani monga ankachitira agogo: kuwawiritsa pang'ono, kufinya, kuyanika padzuwa pa thumba loyera. Mphepo ya kuno m'nyengo yozizira ndi youma kwambiri, mfutso suchedwa kuuma.

Mvula ikayamba cha mu Okutobala, bonongwe ndi chisoso zimamera zokha m'mayadi. Kumene ndimagwira ntchito, wosamalira maluwa ankazula n'kutaya mpaka tsiku limene ndinamupempha kuti azindisungira. Koma samalani pothyola. Musathyole m'mphepete mwa msewu waukulu, m'mbali mwa mitsinje ngati Jukskei imene mumalowa zonyansa za m'zimbudzi, kapena pafupi ndi zitunda zachikasu za migodi zimene zazinga kummwera kwa mzindawu. Dothi lake lili ndi poizoni. Ngati alandilodi alola, matayala awiri akale kapena zidebe zoboola zokhala ndi repu ndi mpiru zimakupatsani ndiwo kawiri pa sabata, ndipo repu sachita mantha ndi chisanu.

Chachisanu ndi chiwiri, phikani mukuyang'ana mita

Titangofika ndinkadabwa kuti nyemba za kuno bwanji sizipsa. Ndinkanamizira sitovu. Zoona zake n'zakuti Johannesburg ili pamwamba, mamita pafupifupi 1,750 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo pamtunda wotere madzi amawira asanatenthe kwambiri, pa madigiri pafupifupi 94. A ku Dedza sangadabwe, koma ife okulira kunyanja timaona kusiyana. Mbale ya sitovu ya mawati 1,000 ikayaka ola limodzi yadya yuniti imodzi, ndiye nyemba zosaviika za maola atatu mwaziona mtengo wake.

Chitani chonchi. Viikani nyemba usiku wonse, m'mawa mutaye madziwo. Thirani madzi atsopano, zibwate mwamphamvu kwa mphindi 15 kapena 20, chivindikiro chili chotseka. Kubwata kumeneku musakudumphe, chifukwa nyemba zosabwata bwino zimapweteka m'mimba. Kenako chotsani poto pa sitovu, mumukulunge m'thaulo, mumuike m'katoni kapena m'beseni momwe mwayalamo bulangete, mufunditse mbali zonse mpaka pamwamba. Musiyeni maola anayi kapena asanu osavundukula. Mukatsegula, bwatitsaninso mphindi zochepa n'kukazingira. M'masitolo muli chikwama chosokedwa cha ntchito imeneyi chotchedwa Wonderbag, koma bulangete lakale limagwira chimodzimodzi. Samp, nthumbwana ndi mpunga zimalola njira yomweyi. Soda amafewetsa nyemba msanga, inde, koma amaononga mavitamini ena. Ngati mwathira, kakhale kotsina ndi zala ziwiri.

Phikani nyemba za kawiri nthawi imodzi. Madzi a nsima muyambe mwawiritsa m'ketulo, amafulumira ndipo amadya magetsi ochepa kuposa poto. Nsima ikatsala pang'ono kupsa zimitsani sitovu, mbaleyo imakhalabe yotentha mokwanira kuimalizitsa. Poto aliyense akhale ndi chivindikiro.

Mafuta musamathire kuchokera m'botolo, dzanja limanama. Supuni ziwiri pa poto wa ndiwo zakwana. Nditayamba kuyeza ndi supuni, botolo limene linkatha masiku asanu linayamba kudutsa sabata.

Amene mumaphikira palafini, musamusunge m'botolo la zakumwa pamene ana angafikire. Ndipo mbaula isagone m'chipinda chotseka ngakhale kuzizire bwanji. Utsi wake wosaoneka umapha anthu ali m'tulo.

Chachisanu ndi chitatu, sungani chimene mwagula

Ufa, mpunga ndi shuga zilowe m'zidebe za malita 20 zokhala ndi zivindikiro zothina, zoikidwa pa njerwa kapena pa thabwa. Nyumba zakale za ku Hillbrow, Berea ndi kuno kummwera zili ndi makoswe ndi mphemvu zimene zinafika ife tisanafike. Anyezi ndi mbatatesi muzisiyanitse, zikakhala pamodzi mbatatesi zimamera msanga.

Pa makoswe pomwepa ndikupempheni chinthu chimodzi. Musagule timankhwala takuda tam'mapepala timene amagulitsa m'misewu ndi m'marenki. Mu Okutobala 2024 ana asanu ndi mmodzi anamwalira ku Naledi, ku Soweto, ndipo a zaumoyo anapeza kuti chinawapha ndi terbufos, mankhwala a m'minda amene amagulitsidwa mobisa ngati ophera makoswe. M'chipinda chimodzi momwe ufa, mbale ndi mwana wokwawa zili pamodzi, mankhwala otere alibe malo. Msampha ndi chidebe chotseka zakwana.

Ngati filiji ndi yogawana ndi anthu ena a pa yadi, muikemo zochepa ndipo zikhale m'kontena yomata. Ine ndinataya nkhuku ya Lamulungu kawiri, ndipo aliyense amene ndinamufunsa anadabwa kuposa ine mwini.

Chachisanu ndi chinayi, tseka timabowo

Sabata ina ndinalemba kandalama kalikonse kotuluka kunja kwa maenvelopu. R5 ya majigisi, R10 ya magwinya, amene ndi mandasi athu omwewa, R20 ya kota (buledi woikamo chipisi ndi poloni) ya mwana wamkulu, kabotolo ka chakumwa ka bambo a ana pobwera kuntchito. Pofika Lachinayi zinakwana R140. Nditawaonetsa bambo a ana, anangoti, "Mayi a ana, kope limeneli likunama." Ndinawapatsa cholembera kuti awonkhetse okha. Anawonkhetsa kawiri, kenako anapempha kuti ndiziwalongedzera mkute ndi nyemba m'kontena.

Sukulu zambiri za boma za m'madera osauka zimapatsa ana chakudya kudzera mu National School Nutrition Programme. Funsani ngati ya mwana wanu ili m'gululo, ndipo ngati ilimo, mwanayo azidya, asachite manyazi. Ngati mulibe, Lamulungu madzulo phikani chigumu cha ufa wa chimanga ndi nthochi zakupsa kwambiri zimene amayi a pakona amagulitsa motaya, kapena wiritsani mbatata. Chimanga cha mbuliwuli cha paketi imodzi chimadzaza beseni, ndipo chimathetsa nkhani ya majigisi sabata yonse.

Ngongole ya pa spaza ithaweni. Mwini shopu angakhale munthu wabwino, wathu ndi wabwino zedi, koma kabuku kake kamadya malipiro asanafike.

Chakhumi, alendo ndi foni ya kumudzi

Izi sizilembedwa m'mabuku a bajeti, koma Mmalawi aliyense wa ku Joni akuzidziwa. Mlamu watsika basi alibe kolowera, adzakhala "masiku awiri okha". Simungamuthamangitse, nafenso tinalandiridwa. Koma muuzeni poyera tsiku loyamba mmene nyumba imayendera: "Alamu, kuno timadya chonchi, ndipo mukapeza ganyu, thumba la ufa lotsatira ndi lanu." Kunena msanga kumapweteka pang'ono, kusunga mumtima kumadanitsa. Poto mumukulitse ndi msuzi ndi masamba, jumbo ya Lachinayi isatsike.

Za kumudzi, khalani ndi tsiku limodzi pa mwezi lotumiza, ndipo kwawoko alidziwe. Ndalama ya chakudya isapite ku Mukuru pokhapokha pagwa maliro kapena matenda enieni. Amayi anga ndinawauza mwaulemu kuti, "Amayi, zidzukulu zanu kuno nazonso zimadya," ndipo anamva.

Ngati muli ndi anthu odalirika, lowani chipereganyu cha golosale, chimene kuno amati stokvel: mumasonkha pang'onopang'ono chaka chonse, mu Disembala n'kugula zambiri pamodzi. Chimapulumutsa Januwale, mwezi wa mayunifomu ndi makope. Koma ndalama zizisungidwa ku banki ndi osayinira awiri kapena atatu. Gulu langa loyamba tinkasungitsa kwa munthu mmodzi, ndipo mu Novembala foni yake inasiya kulira.

Lachinayi lapitali ndinatsitsa jumbo ija cha m'ma 5 koloko. Theka la nyemba za m'paketi yomaliza ndinali nditaviika kale; m'jumbomo munali mfutso wa repu, anyezi mmodzi, ndi mafuta ofika pa chala m'kabotolo. Mfutso ndinautendera ndi chiponde chopala m'mbali mwa botolo, ndinawaza kausipa kosinja. Pa mita panatsala mayunitsi anayi. Wamng'ono anafunsa ngati pali wina mtanda, ndipo unalipo. M'mawa mwake ndinatsegula envelopu yobisa n'kupeza R35, ndinailemba m'kope pansi pa mawu akuti ufa.